Batire ya a Elifala

A Elifala a ku Dzoole sanabadwe okhala pansi. Ali mnyamata ankapalasa njinga yobwereka mpaka ku Mponela popanda chokagula, ndipo atakula anapeza ntchito yowayenera: kuyendetsa galimoto ya bungwe lina lokumba mijigo. Mapiri a Ntchisi anawatha onse. Pamene msewu wathera iwo ankapitirirabe, kudutsa m'minda ya fodya wothyola kale, mabwana atagwiritsa mipando.

Bungwelo litatseka linawasiyira kachipangizo kolozera njira, kaja komata pagalasi lakutsogolo, kolankhula ndi mawu a mzimayi. Iwo anagula kagalimoto kakale n'kumanyamula mtedza ndi soya. Njira ankazidziwa pamtima, komabe sankanyamuka osakayatsa. Ankati paulendo pamafunika wokangana naye.

Chaka chatha nthawi yokolola anagwa ndi sitiroko. Kuchipatala cha Mtengowanthenga anatulukako akuyenda okha, koma dzanja lamanja linatsala likunjenjemera. Makiyi a galimoto anatenga Iness, mwana wawo wamkazi.

Munthu wa pamsewu kumuika pakhonde! Kukacha ankazungulira nyumba, kupita kukhola, kubwerako, kusuntha mpando, kufunsa nthawi. Galimoto ikalira kumsewu ankaimirira kuti aone kuti ndi ya yani.

"Bambo a Iness, mundizunguza mutu," ankatero a Susana, akazi awo. "Khalani pansi."

Tsiku lina Iness anatsika m'galimoto kachipangizoko kali m'manja, katatupa kumbuyo ngati chitumbuwa.

"Kafa aka, ababa. Sikakuyakanso. Ndingokataya, foni yanga imalozanso njira."

"Ndi batire chabe," anatero a Elifala. "Bwera nako kuno."

M'mawa mwake anazemba osatsanzika, anakwera njinga yamoto kenako minibasi mpaka ku Dzaleka. Analowa shopu iyi, kutuluka, kulowa ina, onse akupukusa mutu. Pomaliza mayi wina wa ku Kongo wokonza mafoni anasanthula m'katoni n'kupeza kabatire kaphanthiphanthi ka mawaya awiri, wofiira ndi wakuda. Atawaona dzanja anati, "Ndikuikireni, bambo?"

"Ndikaika ndekha."

Mayiyo sanalimbane nawo. Anawapatsa kawaya ka mtovu wowotcherera, nawachenjeza kuti batire yotupayo asaibowole, imayaka moto.

Anafika kunyumba dzuwa litapendeka, osamwa ndi madzi omwe. Anayala nsalu patebulo, anasonkha mbaula, anaika msomali pamakala. Ndi nsonga ya mpeni anakanula kachipangizoko. Pakona panathetheka, koma kanatseguka. Batire yakale inali yomatidwa zolimba. Anaitukula pang'onopang'ono ndi kamtengo, thukuta lili kamukamu, mpaka inatakasuka. Anadula mawaya ake. Chotsala chinali kulumikiza atsopano, wofiira kwa wofiira, wakuda kwa wakuda.

Apa ndiye dzanja linawakana. Akapana msomali wotentha ndi pulayala, nsonga yake inkavina m'mwamba osafika pa waya. Anayesanso, mtovu unadonthera pansalu. Ulendo wotsatira msomali unapulumuka n'kuwawotcha chala. Anadzuka, mpando unagwa, anatsetsereka kudimba. Anaima pamzere wa mpiru akuliyang'ana dzanjalo ngati la munthu wina. Kumeneko nakonso sanakhalitse.

Pobwera anapeza a Susana atakhala patebulo, magalasi owerengera ali pamphuno, msomali wabwerera pamoto.

"Ulusi pasingano ndimalowetsa ndekha," anatero. "Inu gwirani mawaya ndi dzanja lamanzere, muzindiuza pokhudza."

A Elifala anafuna kukana, koma anangokoka mpando. "Pang'ono pokha, mayi a Iness. Mukakhudza, chotsani. Osati apo! Apa."

"Musandikalipire, si ine kondakitala wanu."

Kautsi kanafuka, mtovu unagwira. Waya winayo sanavute. Anakulunga polumikizapo ndi tepi, anatseka, pothetheka paja n'kumangapo mphira.

Iness atafika, bambo ake anamuchingamira galimoto isanaime. Analumikiza chingwe chotchajira, onse atatu maso pagalasi. Kwa kanthawi panali bii. Kenako kuwala kunabwera, mizere ya misewu inatuluka, ndipo mzimayi uja analankhula.

"Eya!" anakuwa a Elifala, mpaka nkhuku zinabalalika.

Kutacha Iness anawapeza atakhala kale pampando wa pambali pa dalaivala, jekete atavala.

"Kameneka kakufunika wokayang'anira," anatero. "Mawaya angaduke m'mabampu."

Iness anayang'ana amayi ake. A Susana anangokweza dzanja kuti pita nawo.

Mpaka lero amayenda limodzi kukagula mtedza kumapiri. Mzimayi wa m'kachipangizo akati kumanja, a Elifala amati wanama, mlatho wa kumeneko unakokoloka. Potsetsereka phazi lawo limaponda buleki pamene palibe buleki. Akafika pamsewu wosalala amatembenukira kwa mwana wawo n'kupempha chiwongolero.

"Apa pokha, Iness. Mpaka pa sukulu paja."

"Dokotala sanavomere, ababa."

A Elifala amagogoda zala pabondo, kenako amayamba kumuuza kuti wachedwa kusintha giya.