Mphindi 55 za a Zerihun

A Zerihun akhala akukonza mawotchi kuno ku Dire Dawa zaka makumi atatu, m'kachipinda koyandikana ndi kanga kosokera zovala. Ndege anali asanakwerepo, koma ankaidziwa kuposa woyendetsa. Munthu akangotchula za Addis Ababa, iwo ankaika pansi kagalasi kawo ka diso limodzi n'kulengeza kuti pa ndege ndi mphindi 55 zokha, pomwe basi imakudyera tsiku lathunthu. Ine ndinazimva mpaka makutu kuwawa.

Mwana anali naye mmodzi, Hiwot, yemwe anamulera okha akazi awo atamwalira. Hiwot anapeza mwamuna ku Addis komweko, ndipo anapempha chinthu chimodzi: bambo ake adzamudalitse pa tsiku la ukwati, madzulo asanamutenge kupita kuchimuna. Achibale ananyamuka pa basi kutatsala masiku awiri. A Zerihun anakana kuthyoka msana pa ulendo wa mphindi 55, anati adzapita tsiku lomwelo. Hiwot anachonderera, kenako anagonja n'kuwatumizira tikiti. Panalembedwa 8:00.

Kuno maola timayamba kuwerenga dzuwa likatuluka, monga anthu anzeru, ndiye 8 koloko yathu imakwana masana titadya kale. Matikiti a ndege amatsata wotchi ya azungu, amene amayamba kuwerenga anthu ali mtulo, ndipo 8 yawo ndi m'mawa. A Zerihun izi ankazidziwa, ankaphunzitsa ena. Koma tikiti yoyamba pa moyo wawo anaiwerenga ndi mtima, ndipo mtima wawo umayendera wotchi yathu.

Hiwot anaimba foni dzulo lake la ukwatiwo, ine ndili pomwepo kusita suti yawo.

"Ababa, nthawi ija mwaimvetsa bwino?"

"Iwe, wakulira mawotchi omwewa, lero undiphunzitse nthawi ine?"

Mwana anangoti pepani.

Tsikulo anazimitsa foni kutangocha, poti anamva kuti okwera ndege amatero. Anamwa khofi wawo mosafulumira, anatsanzika msewu wonse, ndipo ine ndinawaperekeza ku bwalo la ndege. Tinafika kutatsala maola atatu, mwa kuwerenga kwawo. Mayi wa pakauntala anayang'ana tikiti, anayang'ana sutiyo, n'kunena motsitsa mawu kuti ndegeyo inapita m'mawa ndipo inatera kalekale. Ina yokhala ndi malo inali ya mawa lake. A Zerihun anakweza mkono kumuonetsa wotchi yawo. Inali yolondola ndithu, sinatayepo mphindi.

Ndivomere, poyamba ndinafuna kuseka. Koma atayatsa foni n'kupeza kuti Hiwot waimba kakhumi ndi kawiri, anangokhala pa chikwama chawo, ndipo ine chisoni chinandigwira. Madalitso anawapereka pa foni, ataimirira panja pa bwalolo, suti yosita bwinobwino. Pa chithunzi cha ukwati chimene anapachika pakati pa mawotchi, pambali pa Hiwot paima amalume ake.

Mawotchi akukonzabe, ndipo palibe wowaposa m'tauni muno. Sabata yatha mlendo wina wodzasinthitsa batire anafunsa kuti ku Addis pa ndege ndi nthawi yaitali bwanji. Ndinasiya makina kuti ndimve. A Zerihun sanachotse kagalasi kudiso.

"Ndi kutali, achimwene," anatero. "Nyamukani dzulo lake."