Duwa la Atelala

Atelala achikulire apakona paja savula baji ya bungwe lawo la Chihindu. Pabajipo pali duwa loyera lomera m'matope. Ukangoliyang'ana, waziputa: "Matopewa ndi dziko lino, mwanawe. Duwali ndi mtima wofatsa. Umakhala m'matope momwemo, koma suda."

Tsiku lina mvula itakata, ananyamuka kukaphunzitsa zomwezi kubungweko. Asanapite patali, galimoto inawawaza matope pamalaya awo oyera. Anailalatira mpaka inazimiririka, baji ili njenjenje pachifuwa.

Akazi awo atamva phokosolo anatuluka m'nyumba ndi kansanza, n'kupukuta baji yokhayo mosamala.

"Duwa layera, bambo," anatero. "Malaya ndichapa. Nanga mtimawu tiunyike m'beseni liti?"

Atelala anangokhosomola.