Njinga Yosakhota ya Amalume a ku Sadzi

Mpaka lero ndikaona chizindikiro chofiira pa kompyuta mtima umanyamuka, ndipo amene ndimawakwiyira si kompyutayo ayi. Ndi achimwene, mwana wa mayi aakulu.

Chaka chimenecho amalume a ku Sadzi adawadula mwendo chifukwa cha matenda a shuga. Mng'ono wanga anali pafupi kuchita chinkhoswe ku Masongola, ndipo eni mbumba oyenera kukalandira tambala anali amalumewo. Galimoto sifika pakhomo pawo, kanjira kake n'kopapatiza, kokhotakhota pakati pa nyumba za anthu. Adanena poyera kuti sangaberekedwe kumsana ngati thumba la feteleza anthu akuona. "Ndipezereni choyendetsa ndi manja angawa, apo ayi ndikhala pompano," adatero.

Ine ndinkajambula zitsulo pa kompyuta pa shopu ina yowotcherera m'tauni ya Zomba, choncho ndidalonjeza njinga ya matayala atatu yopalasa ndi manja. Pulogalamu yathu imafuna ujambule chitsulo chilichonse pachokha, kenako uzilumikize poipatsa malamulo: bowo ili liyang'anizane ndi ekiselo iyi, mbali iyi igundane ndi iyo, handulo izizungulira pamenepa. Chitsulo chimodzi chokha, felemu, ndicho umachikhomera kuti chisasunthe, zinazo zimayendera pa icho. Malamulo awiri akatsutsana, pulogalamu imafiiritsa malowo.

Yanga idafiira pa foloko ya kutsogolo. Ndisanapeze chifukwa chake, abwana adanditumiza kuphiri kukayeza makina ochekera matabwa omwe adathyoka. Fayilo ndidaisiya m'manja mwa achimwene, omwe ankagwiranso ntchito pa shopu pomwepo ndipo adachitako kosi ya pulogalamu yomweyo. Ndidawapempha mwaulemu wonse kuti asadule paipi ndi imodzi yomwe chofiiracho chisanachoke.

Chidachokadi. Nditatsika kuphiri ndidapeza sikirini ili mbee, mapaipi odulidwa kale, felemu yowotchereredwa, penti wabuluu akuuma padzuwa. Ndidagwira handulo ya pa sikirini ndi mausi kuti ndiikhotetse. Osasuntha. Tayala, osasuntha. Nditadina apa ndi apo ndidaona kuti chitsulo chilichonse, mpaka kabawuti, adachikhomera ngati felemu, ndipo malamulo otsutsana aja adangowazimitsa.

"Achimwene, mwakhomera zonse?" ndidafunsa.

"Nanga si mumafuna chofiira chichoke? Chachoka. Musachulutse gaga m'diwa, achemwali, ife timafuna ntchito izioneka."

Ndidapsa mtima. Zimene adachitazo sizisiyana ndi kutseka pakamwa mwana amene akulira ndi malungo, n'kumauza anthu kuti wachira.

Ndidakhala pansi n'kuyamba kumasula chitsulo chimodzichimodzi. Ndikayatsa lamulo limodzi, ndinkakoka handulo kuona ngati ikuyenda, kenako lina. Magetsi adazima ndili pakati, ndisanasunge ntchitoyo, atayakanso ndidayambiranso ndikutukwana chamumtima. Potsiriza cholakwa chidaonekera. Lamulo lina linkati foloko ilowe molunjika m'paipi ya kutsogolo, lina linkati chopalasira chitalikirane ndi mpando molingana ndi mikono ya amalume. Awiriwo sakadatheka pamodzi chifukwa paipi yapakati inali yaifupi. Pulogalamu sinkavuta dala, inkanena zoona. Nditamasula zonse, handulo idakhotera kumanzere pang'ono pokha, chopalasira n'kugunda pamene pakhale bondo la munthu.

Kukonza kwake kunali kudula felemu n'kuikapo paipi yaitali. Kwa amwenye m'tauni paipi ya saizi imeneyo inali itatha, ankadikira yochokera ku Limbe, ndipo chinkhoswe chinali Loweruka lomwelo.

Ndidakauza amayi kuti njingayo isachoke pa shopu. Yankho lawo limandiwawabe. "Mwana wamkazi sayalutsa mlongo wake pamaso pa anzake a kuntchito. Mukonzane mwakachetechete." Mayi aakulu nawo adati sukulu yandilowa m'mutu. Aliyense ankasamala nkhope ya achimwene, za bondo la amalume panalibe wofunsa.

Lachinayi ndili kubanki pa ntchito ya abwana, achimwene adaikweza njinga ija pa pikapu n'kupita nayo ku Sadzi. Adakawauza amalume kuti yajambulidwa ndi ine, mwana wawo wophunzira uja, asaope chilichonse. Zotsatira zake ndidazimva kwa mayi wina woyandikana nawo nyumba. Amalume adakwera, adapalasa bwinobwino pabwalo, anthu akuwomba m'manja. Pokhota poyamba penipeni chopalasira chidawamenya pabondo la mwendo wotsalawo, njinga idapendekeka, iwo n'kugwera m'ngalande. Adakana dzanja la aliyense. Adakwawa okha mpaka pakhomo, anthu onse aja akuyang'ana.

Achimwene adabwera kudzandiuza kuti vuto ndi njira za ku Sadzi. Ndidangotuluka panja, chifukwa mawu omwe anali pakamwa panga akadathetsa chibale.

Loweruka ku Masongola holo idadzaza. Itafika nthawi ya ankhoswe, akuchimuna adatulukira ndi tambala wawo, ndipo kwathu kudaimirira achimwene, atavala suti, kuimira amalume. Adamulandira ndi manja awiri, amayi akuimba nthungululu. Ine ndidatuluka, n'kukwera kabaza kupita ku Sadzi.

Ndidawapeza amalume pakhonde, atavala jekete ndi tayi, nsapato yawo imodzi yopolishidwa. Sadanene za njinga, sadanene za bondo lomwe lidali litatupa.

"Tambalayo walandira ndani?" adandifunsa.

Ndidawauza. Adayamba kumasula tayi, n'kundipempha ndiwalowetsere mpando m'nyumba.