Kasinja wa aneba padenga la malata

Aneba athu kuno ku Bangula, omwe kale ankakonza makina ku Kapichira, amakhala pakhonde tsiku lonse akumata tizidutswa ta pulasitiki ndi guluu. Ankamanga chidole cha kasinja wankhondo wakalekale, wa mitu isanu, mutu uliwonse ndi mzinga wake. Mwana wawo ndiye anawatumizira m'katoni. Ukawapatsa moni amayankha osadzutsa nkhope: "Pepani, ndagwira tayala."

Patatha miyezi inayi anamupaka penti kasinjayo, n'kumuyanika padenga la malata monga timachitira ndi nsomba. Munali mu Okutobala. Pomutsitsa masana, mizinga yonse isanu inali itafewa n'kuloza pansi.

Anamuyang'ana nthawi yaitali. Akazi awo anafunsa ngati amutaye.

"Ayi," anatero. "Wagonja ndi dzuwa la kuno, ngati tonsefe. Muikeni pamthunzi."