Sofa imodzi ndi mpongozi wanga

Hediseti yanga yoyamba inali ya katoni. Mlendo wina anaisiya pa loji imene ndimakonzako mipope, pamodzi ndi buku lothothoka masamba akumapeto. Bukulo ndinayamba ndaliwerenga kaye. Sukulu ndinalekezera panjira, ndipo zambiri zimene ndimadziwa ndinazitola m'mabuku oiwalidwa ndi alendo. N'chifukwa chake nkhani zambiri ndimadziwa poyambira pake, mathero ayi.

Ya katoniyo umalowetsamo foni n'kuigwirizira kumaso ndi manja awiri, ndiye umaona ngati uli m'kati mwa chithunzicho. Kuwala kumalowera m'mbali mwa mphuno, ndipo ukatembenuka msanga chizungulire chimakugwira. Choyamba chimene ndinaonamo chinali mathithi athu omwewa, amene mkokomo wake timaumva ku Dambwa mphepo ikaloza kuno. Bambo wamkulu ine, ndekha m'nyumba, ndikuzinda madontho osanyowetsa.

Yachiwiri ananditumizira mwana wanga wamwamuna, amene amagwira ntchito kunja kwa dziko. Amayi ake atamwalira, anaona kuti foni yokha sikundikwanira. Iyi ndi yolemera, yomanga ndi malamba kumutu, ndipo ili ndi timitengo tiwiri togwira m'manja. M'nyengo yotentha thukuta limatsikira m'maso mpaka magalasi kuchita nthunzi. Koma chithunzi chake n'choyera, ndipo kusiyana kwenikweni n'kwakuti mu ya katoni umangoonerera, pamene mu iyi anthu nawonso amakuona.

Tinapangana kuti Lamlungu lililonse ndikabwera kutchalitchi tizikumana m'chipinda cha m'makinamo, chokhala ndi sofa imodzi yaitali. Aliyense amaoneka ngati chidole. Changa chinali ndi tsitsi lambiri kuposa mwini wake. Ola limenelo ndilo linali mlendo yekhayo wolowa m'nyumba mwanga sabata yonse.

Mkazi wa mwana wanga anakulira kunjako, ndipo sindinakumanepo naye maso ndi maso. Tsiku loyamba anabwera n'kukhala pambali panga, dzanja ali tambasule. Kwathu mpongozi sukhala naye mpando umodzi. Umam'patsa malo, moni wake ndi wapatali, wa m'manja. Choncho ndinaimirira n'kubwerera m'mbuyo, ndikuombanitsa timitengo tija. Iye anasendera, inenso ndinasendera, mpaka msana wanga weniweni unagunda kabati yeniyeni. Ndinachita zimenezi milungu inayi, ndikudzitama mumtima kuti ngakhale m'makina sindinataye khalidwe.

Lamlungu lachisanu onse awiri sanabwere. Ndinakhala pa sofa ija ola lathunthu. Chipinda chimenecho chikakhala chopanda anthu chimaposa nyumba yanga kuzizira, chifukwa kuno bola umamva nkhuku za aneba ndi makondakitala akuitanira za kutauni. Lachisanu ndi chimodzi sanabwerenso. Ndinabwerera ku katoni yanga, imene ilibe munthu woti um'dikire.

Kenako ndinaimba foni.

"Batate," anatero mwana wanga, "mkazi wanga akuti simum'funa."

"Ine? Ndam'lakwira chiyani?"

"Akabwera pafupi mumathawa monga ali na chifuwa. Analira, batate. Akuti salowamonso, ndipo ine siningam'siye yekha Sande iliyonse."

"Iwe, uja ni ulemu. Sunamuuze mwambo wa apongozi?"

"Ninaiwala. Ine nimaganiza kuti mabatani ndiye akukuvutani."

Tinaseka, koma kuseka kwanga kunali kwapakamwa chabe. Milungu inayi ndinakhala ndikum'lemekeza mwana wa eni ake mpaka kum'liza. Mwana wanga anati amufotokozera, koma anawonjeza kuti mawu okha sakwanira, ayenera kuona yekha kuti sindikuthawa.

Miyendo yanga ndimaidziwa, imamvera makolo anga kuposa ine. Ndiye Lamlungu lotsatira ndinatenga mpando wokhala ndi zogwirira m'mbali, ndinaukankhira kukhoma, n'kutsekereza kutsogolo ndi tebulo. Munthu wowerenga mabuku, kudzitsekera ngati mbuzi.

Analowa onse awiri. Mpongozi wanga anaima patali kanthawi, kenako anabwera pang'onopang'ono n'kukhala pambali panga. Mawondo anga anagunda tebulo kamodzi. Mumtima ndinapepesa kwa malemu bambo anga, koma sindinasunthe.

"Muli bwanji, atate?" anatero, mawu aliwonse payekhapayekha, ngati wakhala akuyeserera sabata yonse.

"Ndili bwino, amayi. Kaya inu?"

Tinacheza za mvula imene yachedwa, ndi za mango a pabwalo panga amene akudyedwa ndi mileme. Ali m'kati mondifunsa dzina la mtengowo m'chinenero chathu, batire ya hediseti yanga inatha.

Sindinavule msanga. Ndinakhala mumdimamo kanthawi, phewa lakumanzere ndili chipindire, kuopa kum'panikiza.