Mayi Ella Nangozo, Amene Anapala Khoma la Marita Woyera

Alendo ochokera kumaloji a ku Senga Bay akafika pakatchalitchi kathu kakale ka Marita Woyera, kwa Maganga, amathamangira zithunzi khumi ndi zinayi za Njira ya Mtanda zomwe zili pakhoma. Ambiri sadziwa kuti zithunzizo zikuoneka lero chifukwa cha mayi Ella Nangozo, amene tinawaika m'manda chaka chatha.

Mayi Nangozo anabadwa mu 1946. Ali kamtsikana, katekisiti wina amene analinso msodzi anajambula zithunzizo ndi penti ya maboti, nkhope zake n'kutengera anthu a m'mudzi momwemu. Nkhope ya Veronika pachithunzipo inali ya mayi awo owabereka, ndi mphini zomwe. Mayi Nangozo sukulu analekezera sitandade 3. Anakwatiwa, anabereka ana asanu ndi awiri, anaika atatu, kenako anaikanso amuna awo. Ankalima mpunga ndi chinangwa, koma Loweruka lililonse ankasesa m'katchalitchimo, ngakhale titamanga tchalitchi chachikulu pambali pake. "Tasamuka ndife, Mulungu sanasamuke," ankatero.

Mu 2019 tinamva kuti Ambuye Episikopi akubwera kudzapereka Ulimbitso. Ine Robert Chimutu ndinali wapampando wa komiti. Zithunzi zija zinali zitada bii ndi utsi wa makandulo ndi zitosi za mileme, ndipo ndinachita nazo manyazi. Sabata yomwe mayi Nangozo anali kumaliro ku Khombedza, ndinatenga laimu ndi burashi n'kupaka makoma onse ndekha. Kunayera mbee! Ndinkadziona ngati munthu wogwira ntchito.

Atabwerako anaima pakhomo nthawi yaitali. Sanafunse kuti wachita ndani, inenso sindinadziulule. Anagwada n'kupemphera kolona moyang'ana khoma loyeralo.

M'mawa mwake anakwera kabaza kupita ku Senga Bay kwa Che Haruna, Msilamu wopenta maboti, kukafunsa ngati zithunzizo zaferatu.

"Penti yopirira madzi a m'nyanja ingaope laimu, mama?" anatero Che Haruna. "Muzinyowetsa ndi kansanza, n'kumapala ndi supuni pang'onopang'ono. Insha Allah, anthu anuwo atuluka."

Anayamba sabata yomweyo. Ankabwera akaweruka kumunda, ndipo chithunzi chimodzi chinkawatengera miyezi itatu kapena inayi. Ena ankanena kuti mayiwa mutu wazungulira. Tsiku lomwe nkhope ya Veronika inatuluka, amayi a gulu la mapemphero la Lejio amene analipo anawamva akuti, "Mwaswera bwanji, amayi?" Kenako anapitiriza kupala. Ine zaka zonsezo ndinkalambalala katchalitchiko, mtima ukundidya.

Mu Lenti wa chaka chatha miyendo ya mayi Nangozo inayamba kutupa, ndipo sanadzukenso. Bambo mfumu atawadzoza mafuta a odwala, mayiwo anandiitanitsa.

"A Chimutu, ndapala khumi ndi zitatu. Chatsala cha Ambuye akuikidwa m'manda. Chimenecho mupala ndinu."

"Amayi, pali mawu ndakhala ndikufuna kukuuzani."

"Ndikuwadziwa. Lamulungu lija polandira Ukaristia, laimu anali akadali m'zikhadabo zanu. Mawu asiyeni, kapaleni khoma."

Ndinalira ngati mwana, iwo akundiyang'ana opanda mkwiyo. Zaka zisanu ankandipatsa moni wa mtendere pa Misa, osanditchula kwa munthu aliyense, ngakhale kwa ana awo. Anamwalira mwakachetechete Lachinayi masana, kolona ili m'manja.

Akhristu anzanga, mayi ameneyu sanalalikepo paguwa, koma anatiphunzitsa kukonza chimene wina wawononga popanda kumuyalutsa. Mukafuna kuona katchalitchika, makiyi ali kwa ine. Chithunzi chomaliza chinanditengera miyezi isanu ndi iwiri, ndipo mukachiyang'anitsitsa muona malo okandika ndi supuni. Amenewo ndi anga. Pazithunzi khumi ndi zitatu za mayi Nangozo simupeza ngakhale pamodzi.