Michombo Iwiri M'dimba la ku Tipton

Mayi Rabecca ndi namwino pachipatala cha boma ku West Bromwich, ndipo kutchalitchi cha Amalawi palibe amene sadziwa mawu awo akuti, "Chaka chamawa ndikubwerera ku Ntcheu." Anayamba kuwanena ali ndi pakati pa Deliwe, mwana wawo mmodzi yekhayo. Lero Deliweyo ali ndi khanda lake, koma chaka chamawacho sichinafikebe. Ngakhale makatani m'nyumba safuna kusintha, ati mlendo sakongoletsa nyumba ya eni.

Chimene sanachitire chilendo ndi dimba. Anapeza kachigawo kuminda ya khonsolo ku Tipton, m'mbali mwa ngalande, komwe amalima mpiru, nyemba ndi maungu a nkhwani. Woyandikana nawo munda ndi Bambo Ellard, mzungu wachikulire amene ankagwira ntchito m'fakitale ya zitsulo. Khasu ndi bamboyu sagwirizana kwenikweni. Ntchito yawo n'kuyendayenda ndi timawaya tiwiri tamkuwa m'manja, maso ali pansi ngati munthu wotaya singano.

Tsiku lina anawafotokozera Mayi Rabecca kuti akufufuza ma ley line. Akuti imeneyi ndi mizere yosaoneka, yowongoka bwino, yolumikiza mapiri, zitsime ndi matchalitchi akale, ndipo mphamvu ya nthaka imayenda mmenemo. Ukauponda mzere wotere, timawaya timapingasana tokha.

Mayi Rabecca anaseka mpaka misozi. "Kani nanunso azungu muli ndi ula wanu? Kwathu bwenzi mukulandira nkhuku, Bambo Ellard!"

Bamboyo sanakhumudwe. Anati mzere wina umachokera kuphiri la Barr Beacon n'kudutsa pakati penipeni pa maungu awo, n'chifukwa chake amabereka chotere.

"Mphamvu yake ndi manyowa a akavalo amene ndinasenza ndi msana wangawu," anayankha mayiwo.

Zinthu zinasintha Loweruka lina m'mawa. Deliwe anafika kudimba ndi khanda lake, Kai, atagwira kanthu kokulunga m'tishu. "Mum, it fell off. Do I bin it?"

"Mu bin! Mwana iwe, mchombo wa munthu satayira mu bin!" Anamuuza kuti kwawo mchombo wa khanda ukagwa amaukwirira pakhomo, ndipo munthu angapite kutali bwanji, kwawo ndi kumene kuli mchombo wake.

"So where's mine?" anafunsa Deliwe.

Mchombo wa Deliwe unali m'kabotolo ka mafuta odzola, m'sutikesi pamwamba pa wadiropu, kudikirira chaka chamawa. Ku Ntcheu Mayi Rabecca anapitako kangapo, kumaliro ndi kumaukwati, koma kabotolo kankatsala, chifukwa mtima unkakana kukwirira mchombo kumene mwini wake sadziwa ngakhale njira ya kumjigo. Kuukwirira kunonso kunali kuvomera kuti ulendo wobwerera uja unali wapakamwa chabe. Zinawapweteka kwambiri kuona kuti mwana wawo wakula mpaka kubereka, kwawo kuli m'sutikesi.

Mawa lake atatuluka m'tchalitchi anapita kudimba ndi Deliwe ndi khanda, kabotolo kali m'chikwama. Anawapeza Bambo Ellard akumwa tiyi pakhomo pa kashedi kawo.

"Mzere wanu uja ukadutsa pamaungu angawa, umakathera kuti?" anafunsa Mayi Rabecca.

"Sutha, mayi. Umangopitirira chakummwera uko."

"Ndiye kuti ku Ntcheu umafika?"

"Ntcheu sindikumudziwa," anatero Bambo Ellard, "koma sindingakane."

Musaganize kuti mayiwa anayamba kukhulupirira mawaya. Iwo ndi Mkhristu wa mvano, ndipo Bambo Ellard atabwerera kutiyi wawo, anayamba ndi pemphero. Kungoti anasangalala kumva kuti ngakhale mzungu amadziwa kuti nthaka siyenda ndi pasipoti. Anakumba pakati pa maungu, n'kuyikamo michombo yonse iwiri, wa mayi ndi wa mwana. Deliwe anakwirira ndi manja ake, akuseka kwinaku akupukuta misozi ndi phewa.

Posakhalitsa Bambo Ellard anatulukira ndi timawaya tawo, osadziwa kanthu. Atafika pa dothi lofukulidwa kumenelo, timawaya tinapingasana. Kaya tinachita tokha, kaya manja aukalamba ananjenjemera, zimenezo akudziwa ndi iwo.

"Mwaona!" anakuwa bamboyo. "Pano pali mphamvu, mayi!"

Mayi Rabecca anasansa dothi pachitenje, n'kumulandira Kai m'manja mwa mayi ake.

"Ilipodi, Bambo Ellard," anatero. "Ndayikamo ndine. Pondani bwino, pamenepo ndi kwawo kwa ana anga."